Ritalin na Concerta: Malangizo a m'Bokosi kwa Makolo a ku Zambia Okhala mu Johannesburg

Kapepala kopindapinda kamene kamabwela m'bokosi la mankhwalawa kali na tumalemba tung'onotung'ono twa Cizungu, ndipo ambili a ife timangokataya. Nazi mfundo zake m'Cinyanja.

Mankhwala ali mkatimo ni methylphenidate. Amapatsidwa kwa mwana amene adokotala amupeza na ADHD, vuto lakuti mwana sakhazikika, saika maganizo pa cinthu cimodzi, ndipo amacita zinthu asanaganize. Mwana wosakwanitsa zaka 6 sayenela kumwa. Kuno ku South Africa ali pa Schedule 6: ku kemisiti sangakupatseni popanda pepala la adokotala, ndipo pepala limodzi ni la masiku 30 cabe.

Ritalin wa 10 mg kaŵilikaŵili amayamba na theka la pilisi, kamodzi kapena kaŵili pa tsiku, m'maŵa na masana. Owonjezela ni adokotala okha, ndipo sapitilila 60 mg pa tsiku. Madzulo musam'patse, tulo sitidzabwela. Concerta ni ya kamodzi m'maŵa, imagwila nchito maola pafupifupi 12. Aimeze yathunthu na madzi, osatafuna, osaphwanya. Mukaona cikhokho ca pilisi m'cimbudzi ca mwana musade nkhawa, mankhwala analoŵa kale m'thupi. Mukaiŵala kum'patsa, musabwezele pom'mwetsa aŵili pamodzi.

Coyamba cimene mungaone ni kusafuna cakudya. Mwana amabwela ku sukulu buledi ali mmene munamuikila, osaluma ngakhale kamodzi. M'dyetseni phala akhute m'maŵa, ndipo madzulo njala ikabwelela, nsima ikhale yokonzeka. Pa miyezi 6 iliyonse am'pime sikelo, msinkhu na BP, cifukwa ana ena amacedwa kukula. Ngati ku banja kwanu kuli matenda a mtima, uzani adokotala musanayambe. Mwana akamva kuŵaŵa pacifuwa, akakomoka, kapena akayamba kuona zinthu zimene palibe, thamangilani ku cipatala tsiku lomwelo.

Kapepalaka kakambanso mau amene nifuna muwamvetsetse, makolo anzanga: mankhwalawa si a mwana aliyense wosakhazikika. Aphunzitsi angadandaule, koma sindiwo opima matenda. Kuti adokotala anene kuti ni ADHD, zizindikilo zifunika kukhala zitatenga miyezi 6, zinayamba mwana asanafike zaka 12, ndipo zimaoneka m'malo aŵili kapena oposa, monga kunyumba na ku sukulu. Ganizilani mwana amene wangofika kucokela ku Chipata. Aphunzitsi akamba Cizungu cothamanga, anzake akamba Cizulu, iye angoyang'ana pa windo. Ameneyo angalembedwe kuti samvetsela, pamene vuto ni citundu. Ana aang'ono kwambili m'kilasi nawonso amapezedwa na ADHD kaŵilikaŵili kuposa anzawo okulilapo na miyezi yocepa cabe. Conco pemphani adokotala kuti am'pime makutu na maso, ndipo fotokozani mmene amagonela.

Koma ngati adokotala apima mofatsa n'kupeza kuti alidi nayo, si mwano, si ufiti, ndipo cikwapu sicicilitsa. Mankhwala amathandiza ana ambili, makamaka pamene makolo na aphunzitsi athandizana.

Mukakwela basi pa Park Station kupita ku Lusaka mu December, mapilisi akhale m'bokosi lawo lokhala na dzina la mwana, pamodzi na kalata ya adokotala, cifukwa na ku Zambia komwe ni mankhwala olondedwa na lamulo. Kumudzi akakupemphani pilisi imodzi ya mwana wa acemwali, kanani.