Momwe kontirakitala angadzitetezere pogawira ena ntchito yomanga

Kontirakitala amene wasaina mgwirizano womanga nyumba, sukulu kapena ofesi kawirikawiri sagwira yekha ntchito yonse. Zamagetsi amapatsa wina, zamadzi amaitana pulambala, denga amasiyira akalipentala. Komabe mwini nyumba adapangana ndi kontirakitala wamkulu yekha, choncho chilichonse chimene amisiri enawo alakwitsa amafunsidwa ndi iyeyo. Mapangano a FIDIC (bungwe la mainjiniya la padziko lonse), omwe amagwiritsidwa ntchito pa zomangamanga zikuluzikulu, amanena mu ndime 4.4 ya buku lofiira la 1999 kuti zolakwa za amene wagawiridwa ntchito zimatengedwa ngati za kontirakitala mwini. Mawu akuti "mapaipiwo sindinayike ndine" sapulumutsa munthu kukhoti.

Choyamba, werengani mgwirizano wanu ndi mwini ntchito musanaitane aliyense. Mapangano ambiri amaletsa kupereka ntchito yonse kwa munthu wina, ndipo amafuna chilolezo cha injiniya kapena mwini ntchito musanagawe mbali ina. Ngati mwini ntchito wakusankhirani yekha kampani yoti mugwire nayo, koma inu mukuona kuti ilibe luso kapena ndalama zokwanira, kanani polemba kalata mwamsanga, pakuti mukangoilandira mwakachetechete mwasenzanso zolakwa zake.

Kenako fufuzani amene mukufuna kumupatsa ntchito. Muno m'Malawi makampani omanga amayenera kulembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina la NCIC, ndipo woyika mawaya a magetsi akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Pitaninso mukaone ndi maso nyumba imene adagwirapo kale.

Gawo lachitatu ndi limene makontirakitala ang'onoang'ono amagwerapo kwambiri, chifukwa amapangana ndi mmisiri pakamwa kapena pa foni, n'kumupatsa ndalama yoyambira tsiku lomwelo. Lembani mgwirizano, ndipo zonse zimene inu mudalonjeza mwini nyumba zilowemo: mtundu wa zipangizo, kukula kwa mapaipi ndi mawaya, kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga, tsiku lomaliza ntchito ndi chilango chochedwa. Ngati inu mudzadulidwa ndalama pa tsiku lililonse lochedwa, pamene pulambala amene wakuchedwetsani sadasaine kanthu, ndalamayo idzachoka m'thumba mwanu. Mulembenso mawu oti iye adzakubwezerani chilichonse chimene mungalipitsidwe chifukwa cha kulakwa kwake. Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi nthawi yokonza zolakwika, yomwe kawirikawiri imakhala miyezi 12 kuchokera tsiku lopereka nyumba. Ntchito ya mmisiri imatha msanga kuposa nyumba yonse, kotero ngati miyezi yake iyamba kuwerengedwa tsiku limene iye wachoka pamalopo, idzatha inu mukadali womangika. Lembani kuti nthawi yake idzathera limodzi ndi yanu.

Musalipire ndalama zonse. Monga momwe mwini ntchito amasungira gawo la malipiro anu, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10 peresenti, inunso sungani gawo lofanana mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha. Mmisiri amene walandira zake zonse savuta kuzimitsa foni mvula ikayamba kudontha padenga.

Pa kuyang'anira, samalani kwambiri ntchito imene idzabisike. Mapaipi a madzi oyenda m'khoma ayesedwe ali pamtunda: tsegulani madzi, dikirani, ndipo gwirani ndi dzanja polumikiza paliponse pulasitala asanapakidwe. Dontho limodzi losaoneka lero lidzatulukira patapita miyezi ngati chinyezi chofufumitsa penti, ndipo kulikonza kudzafuna kuphwanya matailosi amene mudagula ndi ndalama zanu. Chimodzimodzi zitsulo za mu silabu ziwerengedwe ndi kujambulidwa konkire asanathiridwe. Zithunzi zokhala ndi tsiku, pamodzi ndi buku lolembamo zochitika pamalo a ntchito, ndizo zidzasonyeze amene adalakwa.

Za ngozi nazo zikonzedwe ntchito isanayambe. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997 komanso la chipukuta misozi kwa ogwira ntchito la 2000 limakhudza malo omangapo, ndipo munthu akagwa pa sikafodi, abale ake amathamangira kwa amene dzina lake lili pa chikwangwani, posayang'ana amene adamulemba ganyu. Funsani kalata ya inshuwalansi ya amene mwamugawira ntchito, onani tsiku limene ikutha, ndipo tsimikizani kuti inshuwalansi yanu ikukhudzanso anthu ake.

Vuto likapezeka, musakangane ndi mwini nyumba za amene adalakwa. Lemberani mmisiriyo kalata yofotokoza cholakwikacho ndi masiku oti akhale atakonza. Akapanda kubwera, itanani wina akonze, sungani malisiti, ndipo dulani mtengowo pa ndalama zimene mudasunga. Ngati sizikukwana, tsatirani njira yothetsera mikangano imene mudalemba mu mgwirizano, kaya ndi mkhalapakati kapena khoti, ndipo muonane ndi loya msanga chifukwa milandu yophwanya mapangano ili ndi nthawi yake yoyambitsira.