Madzi ataundana m'mapaipi a RV ku Grand Canyon

Mu January tinabwereka RV, galimoto yokhala ndi mabedi, khitchini ndi bafa m'kati, kuti tione Grand Canyon, chigwa chachikulu cha ku Arizona m'dziko la America, tisanapite ku Disneyland ku California. Tinagona ku South Rim, mbali ya kummwera kwa chigwachi. Mbaliyi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 2,100, ndiye usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Kutacha, mpopi sunatulutse ngakhale dontho. Ana ankafuna tiyi, ine mtima uli m'mwamba poopa kuti paipi yaphulika.

Vuto linali paipi ya panja imene ndinaisiya yolumikiza ku mpopi wa pamalo ogonapo usiku wonse. Ndinaichotsa n'kuiika m'bafa. Kenaka ndinayatsa hita ya gasi n'kutsegula zitseko za makabati a pansi pa sinki kuti mpweya wofunda ufike kumapaipi. Moto sindinayerekeze kuuyandikitsa, chifukwa mapaipiwo ndi apulasitiki. Patatha maola awiri madzi anayamba kudontha.

Kuyambira tsikulo, madzulo ndinkadzaza thanki ya m'kati, paipi n'kuichotsa ndi kuikhuthula, hita n'kugona yoyaka. M'masinki ndinkathiramo antifreeze (mankhwala oletsa madzi kuundana) wa pinki wopangidwira ma RV. Pofika m'tauni ya Kingman kukaona Arizona Route 66 Museum, madzi ankatuluka bwinobwino m'mawa uliwonse.