Kuyeza BP ya mwana wonenepa: yambani ndi kuyeza mkono

Mwana wonenepa kwambiri BP yake imakwera msanga kuposa ya anzake, koma ndi yemweyonso amene kawirikawiri amayezedwa molakwika. Nthawi zambiri samva kuwawa kulikonse, choncho osadikira kuti adandaule. Malangizo a American Academy of Pediatrics a mu 2017 amati mwana aliyense aziyezedwa BP kamodzi pachaka kuyambira zaka 3, koma wonenepa kwambiri aziyezedwa ulendo uliwonse wapita kuchipatala, ngakhale wapitira chifuwa. Kuno ku Lusaka khadi la sikelo likatha pa zaka 5, ana ambiri sakweranso sikelo, ndiye makolo muzipempha nokha kwa anamwino.

Inu oyeza, musanafike pa BP muyeze kulemera ndi kutalika, mwana atavula nsapato ndi jezi. Gawani makilogalamu ndi kutalika kwake m'mamita, kenako mugawenso kachiwiri ndi kutalika komweko, mupeza BMI, nambala yoonetsa kunenepa. Mwana wa makilogalamu 60 wotalika mamita 1.5 ali ndi BMI ya 26.7. Kwa munthu wamkulu nambala imeneyi ndi kunenepa pang'ono chabe, koma kwa mwana wa zaka 12 ili pamwamba pa mzere wa +2 pa tchati cha WHO cha zaka 5 mpaka 19, kutanthauza kunenepa kwambiri. Kutalikako kulembeni, kudzafunikanso powerenga BP.

Tsopano lamba wa makina a BP womanga pamkono, ndipo apa ndi pamene ntchito imawonongekera. Lamba sasankhidwa ndi zaka za mwana, amasankhidwa ndi kukula kwa mkono. Pezani pakati pa nsonga ya phewa ndi chigongono, muzunguze tepi pamenepo mkono uli lende. Tepi ya MUAC, yoyezera mkono wa ana aang'ono ku sikelo, imapelewera, ya telala imachita bwino. Kathumba ka mpweya kamene kali mkati mwa lamba kayenera kukhala ndi m'lifupi wosachepera 40 peresenti ya kuzungulira kwa mkono, ndipo m'litali mwake kazungulire 80 mpaka 100 peresenti. Mkono wa masentimita 30 umafuna kathumba ka masentimita 12 kapena kupitirira m'lifupi, 24 mpaka 30 m'litali. Ameneyo ndi lamba wa akulu, ngakhale mwiniwake wa mkonowo akhale wa giredi 6. Lamba wamba wa akulu amathera pa mkono wa masentimita 34, wamkulu wake pa 44, kupitirira apo tengani wa pantchafu.

Lamba wamng'ono safinya mtsempha mofanana, amafuna mpweya wochuluka kuti magazi aime, ndiye nambala imatuluka yokwera pamene BP ili bwinobwino. Mkono ukagwera pakati pa malamba awiri, tengani wamkulu. Lamba akamamatuka yekha pofufuma, musamugwire ndi dzanja, ndi wamng'ono basi. Makina a padzanja amene amagulitsidwa m'mafamase si odalirika pa ntchito imeneyi kwa ana.

Mwana amene wangotsika minibasi n'kuthamangira pamzere asayezedwe pompo. Ayambe wakodza, akhale pampando mphindi 3 mpaka 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa. Muyeze mkono wamanja, utagona pathebulo molingana ndi mtima. Mu Juni ndi Julayi ana amabwera atavala majezi. Avule ndithu, chifukwa kupinda dzanja la jezi kumamanga mkono. Poyeza pasakhale kucheza kapena kuseweretsa foni. Funsaninso zimene wamwa. Ma energy drink, khofi, mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, prednisolone ndi dexamethasone, ngakhalenso mapilitsi olera kwa atsikana okulirapo, zonsezi zimakweza BP. Za mapilitsi ndi fodya mufunse kholo litatuluka.

Makina a batire ndi abwino poyambira, koma satsimikizira matenda. Akawerenga zokwera, bwerezani kawiri, mutenge nambala ya pakati pa ziwirizo. Yoyamba ija imakonda kukwera chifukwa cha mantha. Ikakhala yokwerabe, yezani ndi makina opopa pamanja ndi stethoscope. Onani kuti singano ili pa 0 musanayambe. Gwirani mtsempha wa padzanja, popani mpaka kugunda kutasiya, muonjezerepo 20 kapena 30, kenako mutulutse mpweya pang'onopang'ono, 2 kapena 3 pa sekondi. Kugunda koyamba kumveka ndiye nambala ya pamwamba, pamene kwatheratu ndiye ya pansi. Mukatulutsa mpweya mothamanga, ya pamwamba imatsika ndipo ya pansi imakwera. Lembani zimene mwamva, 126 ikhale 126, osati 130.

Anthu ambiri anazolowera 140/90 ya akulu, ndipo ndi nambala imeneyi ana odwala amabwezedwa kunyumba kuti ali bwino. Kuyambira zaka 13, BP yabwino ndi yochepera 120/80. Ya pamwamba ikakhala 120 mpaka 129, ya pansi isanafike 80, ndiye kuti yayamba kukwera. Kuyambira 130/80 mpaka 139/89 ndi siteji 1, ndipo 140/90 kupita m'mwamba ndi siteji 2. Osakwana zaka 13 amawerengedwa pa tchati cha zaka, kutalika, komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana: kuyambira percentile ya 90 (BP yoposa ya ana 90 mwa 100 ofanana naye) yayamba kukwera, ya 95 ndi siteji 1, ndipo BP ikaposa ya pa percentile ya 95 ndi 12 ndi siteji 2. Pongosefa mwachangu, mnyamata wa zaka 6 akafika 105/66, wa zaka 10 akafika 108/72, wa zaka 12 akafika 113/75, tsegulani tchati chonse. Pa zaka zimenezi atsikana amasiyana ndi nambala imodzi yokha kapena osasiyana n'komwe.

Tsiku limodzi silikwanira kunena kuti mwana ali ndi BP. Pamafunika maulendo atatu osiyana, onse okwera, oyezedwa ndi stethoscope. Yongoyamba kukwera, mwana asinthe kadyedwe ndi kumasewera, abwerenso pakatha miyezi 6. Siteji 1 abwere pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ikakhalabe yokwera abwerenso pakatha miyezi 3. Siteji 2 isapitirire sabata asanayezedwenso kapena kutumizidwa kwa madokotala a ana. Alipo ana amene BP imakwera akangoona yunifomu ya namwino. Kumene alipo makina ovala maola 24, ndiwo amathetsa mkangano umenewu.

Pali zina zosadikira ulendo wachiwiri. Wachinyamata wopitirira 180/120, mwana wopitirira 30 pamwamba pa percentile ya 95, kapena wa siteji 2 amene mutu ukumuwawa kwambiri, akusanza, sakuona bwino, wasokonezeka kapena wakomoka, apite nthawi yomweyo ku chipatala chapafupi, kaya ndi Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama kapena Chipata, kumene angamutumize ku chipatala cha ana cha University Teaching Hospital (UTH).

Kunenepa kusakutsekeni maso. BP ikapezeka yokwera kachiwiri, yezani mikono yonse iwiri ndi mwendo umodzi, mwana atagona chafufumimba, lamba ali pantchafu. Ya kumwendo imayenera kuposa ya kumkono ndi 10 mpaka 20. Ikakhala yotsika, ganizirani mtsempha waukulu wochoka kumtima kuti ndi wopanikizika chibadwire. Funsani ngati anabadwa masiku asanakwane, ngati kubanja kuli BP, shuga kapena matenda a impso, ngati amaliza mkonono n'kumabanika usiku. Nkhope yotupa m'mawa ndi mkodzo wonga tiyi wopanda mkaka, makamaka pambuyo pa zilonda zapakhungu kapena zapakhosi, zimaloza ku impso. Khungu lakuda lokhuthala kumbuyo kwa khosi, limene amayi ena amalikwecha ndi mwala poyesa litsiro, ndi chizindikiro chakuti thupi silikumvera bwino insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi.

Matendawa akatsimikizika, ayezedwe mkodzo, creatinine ndi urea za impso, michere ya m'magazi ndi mafuta a m'magazi. Wonenepa kwambiri aonjezere HbA1c ya shuga ndi ALT ndi AST za chiwindi. Kujambula impso ndi kwa wosakwana zaka 6 kapena amene mkodzo kapena magazi ake asonyeza vuto. Wa zaka 6 kupita m'mwamba, wonenepa, wopanda chizindikiro china chilichonse, safunikira kumuzunguza ndi mayeso ambirimbiri. Pa kalata yomutumizira mulembe tsiku la kuyeza kulikonse, mkono umene munayeza, kuzungulira kwake m'masentimita, lamba amene munagwiritsa ntchito, ndi mtundu wa makina.