Ndeke yachedwa kapena yalephereka: zoyenera kuchita kuti ndalama yanu ibwerere

Munthu wa ku Chipata akafuna kukwera ndeke amayamba ndi ulendo wa pamsewu. Ena amakwera basi ya m'bandakucha pa Great East Road, makilomita oposa 550, kukakwerera pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka. Ena amadutsa pa Mwami n'kukakwerera pa Kamuzu ku Lilongwe poti ndi pafupi. Ogwira ntchito zokopa alendo ku Luangwa amanyamukira ku Mfuwe. Ndiye ndeke ikachedwa, ife timavutika kuposa munthu wa ku Lusaka amene angobwerera kunyumba kukagona. Hotela, chakudya, takisi, zonse zimatuluka m'thumba mwathu.

Gawo lalikulu la ndalamazi likhoza kubwerera. Koma kampani ya ndeke sidzakufunafunani. Imalipira amene wapempha, ndipo wapempha ali ndi mapepala m'manja.

Choyamba: mlandu umayambira pogula tikiti

Ngati ulendo wanu uli ndi ndeke ziwiri kapena zitatu, uzani ajenti wogulitsa matikiti kuti onse aulembe pa tikiti imodzi, yokhala ndi nambala imodzi ya booking. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amagula tikiti ya Mfuwe mpaka Lusaka payokha, kenako ina ya Lusaka mpaka Nairobi payokha, chifukwa zatsikako mtengo pang'ono. Ndeke yoyamba ikachedwa n'kupeza yachiwiri itapita, kampani yachiwiriyo ilibe nanu mlandu. Kwa iwo inu simunabwere, basi. Koma tikiti ikakhala imodzi, kampaniyo ndiyo imakupezerani ndeke ina yokafika kumene mukupita.

Onaninso kuti nambala ya foni ndi imelo zolembedwa pa booking ndi zanu. Ajenti ena amalemba zawo, ndipo uthenga woti ndeke yasintha nthawi umathera mu ofesi yawo inu muli kale pa Luangwa Bridge.

Chachiwiri: muli pabwalo, sonkhanitsani umboni

Musataye boarding pass, kapepala kokulowetsani mu ndeke, ngakhale ya ndeke imene sinanyamuke. Jambulani ndi foni chikwangwani choonetsa nthawi za ndeke. Sungani meseji iliyonse imene kampani yatumiza. Kenako pitani pa kauntala mufunse mwaulemu chimene chachedwetsa ndekeyo, ndipo apempheni akulembereni pa pepala kapena pa imelo. Chifukwacho n'chofunika kwambiri, muona kutsogoloku. Kukalipira mtsikana wa pa kauntala sikuthandiza. Si iye wathyola ndeke, koma ndi iye angakuikeni pa ndeke yotsatira.

Mukafika kumene mumapita, lembani nthawi yeniyeni imene mwafika. Chipukuta misozi amachiwerengera pa nthawi yofika, osati yonyamuka.

Chachitatu: funsani chakudya ndi pogona, ndipo musathamangire kusaina

Pemphani kuti akupatseni chakudya, ndipo ngati mugona, hotela ndi galimoto yokutengerani kumeneko. Akakana kapena akasowa, lipirani nokha koma tengani lisiti ya chilichonse. Gulani zoyenera munthu wodikira ndeke. Lisiti ya mowa palibe adzaibweze.

Ndeke ikalepherekeratu, kawirikawiri amakupatsani zosankha ziwiri: kukuikani pa ndeke ina kapena kukubwezerani ndalama. Ganizani bwino. Mukasankha ndalama, udindo wawo wokufikitsani watha, ndipo tikiti yogula lero lomwe imadula kuposa imene munagula miyezi iwiri yapitayo. Akakupatsani voucher, pepala loti mudzaligwiritse ntchito pa kampani yomweyo m'malo mwa ndalama, werengani musanasaine. Ma voucher ena ali ndi mawu oti mukalandira simudzapemphanso kanthu, ndipo amatha mphamvu pakapita nthawi. Munthu wokwera ndeke kamodzi pa zaka zitatu, voucher ndi pepala chabe.

Chenjezo lina kwa ife okhala pakati pa mabwalo awiri: ndeke ikalephereka ku Lilongwe, musangokwera basi kupita ku Lusaka kuti mukalumikize ulendo panjira popanda kampani kusintha tikitiyo. Mukapanda kukwera chigawo chimodzi cha tikiti, kompyuta yawo imafufuta zigawo zonse zotsatira, kuphatikizapo ulendo wobwerera.

Chachinayi: dziwani lamulo limene likukutetezani

Pa intaneti mudzaona zolengeza zambiri zoti ndeke ikachedwa maola atatu mulandira mayuro 600. N'zoona, koma si kwa aliyense. Limeneli ndi lamulo la European Union (EU), mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, lotchedwa EC 261/2004. Limateteza munthu amene wanyamukira pa bwalo la m'mayiko a EU, kaya kampani ndi ya kuti, komanso munthu amene akulowa mu EU pa ndeke ya kampani ya ku EU komweko. Ndalama zake ndi mayuro 250 pa ulendo wosapitirira makilomita 1,500, mayuro 400 mpaka makilomita 3,500, ndi mayuro 600 kupitirira apo. Pa ulendo wautaliwu, ngati mwachedwa pakati pa maola atatu ndi anayi, akhoza kulipira theka. UK ili ndi lamulo lake lofanana nalo, ndalama zake mapaundi 220, 350 ndi 520.

Tiyeni tiike pa ulendo weniweni. Mwana wanu akuchokera kusukulu ku Brussels pa Ethiopian Airlines, kudzera ku Addis Ababa mpaka Lusaka, tikiti imodzi, ndipo wafika mochedwa ndi maola asanu. Ameneyu ali ndi ufulu wopempha mayuro 600, ngakhale kuchedwako kwachitikira ku Addis Ababa, chifukwa ulendo unayambira ku Ulaya. Koma pamene ankapita, kuchoka ku Lusaka pa kampani yomweyo, lamuloli silimamukhudza. N'chimodzimodzi ndi Emirates kudzera ku Dubai kapena Qatar Airways kudzera ku Doha: pobwera kuchokera ku Ulaya limagwira, popita ayi.

Lamuloli limalipiranso munthu amene ndeke yake yathetsedwa popanda kuuzidwa masiku 14 tsiku la ulendo lisanafike, ndi amene wakanizidwa kukwera chifukwa agulitsa mipando yoposa imene ilimo. Kampani imapulumuka ikaonetsa kuti vuto linali loposa mphamvu zake, monga mphepo yamkuntho kapena kutsekedwa kwa bwalo. Kuwonongeka wamba kwa ndeke sikulowa m'gulu limenelo. Mwaona tsopano chifukwa chake munafunika kulembetsa chifukwa chija.

Nanga ife ambiri amene timangopita ku Johannesburg, Nairobi, Dubai kapena China kukaoda katundu? Maulendo ambiri a pakati pa mayiko amayendera pangano la Montreal Convention la 1999, ndipo malamulo a kampani otchedwa Conditions of Carriage amatchula pangano limene likulamulira tikiti yanu. Panganoli silipereka ndalama yoikika. Limabweza zimene mwatayadi chifukwa cha kuchedwa, monga hotela, chakudya ndi tikiti ya basi imene yapsa, bola muonetse malisiti. Kuyambira pa 28 December 2024 malire ake ndi ma SDR 6,303, omwe ndi madola oposa 8,000. SDR ndi muyeso wa ndalama wa bungwe la IMF. Kampani ikaonetsa kuti inachita zonse zotheka kupewa kuchedwako, silipira.

Ulendo wa m'dziko momwemo, monga Mfuwe mpaka Lusaka pa tikiti yakeyake, umadalira malamulo a kampaniyo ndi malamulo oteteza ogula a kuno kwathu. M'nyengo ya mvula ndeke zing'onozing'ono zimachedwa ndi mitambo, ndipo pamenepo chimene mungayembekezere ndi kuikidwa pa ndeke ina kapena kubwezeredwa ndalama ya tikiti.

Chachisanu: katundu akasowa kapena akawonongeka

Musatuluke m'chipinda chotengera katundu musanalembetse. Pitani pa desiki ya katundu wosowa akupatseni fomu yotchedwa PIR, ndipo sungani kapepala komata kamene anakupatsani popereka chikwama. Perekani adiresi yeniyeni ya ku Chipata, kaya ndi ku Kapata kapena ku Moth, ndipo funsani mmene chikwamacho chidzakufikireni chikapezeka. Musavomere msanga zoti mudzabwerere ku Lusaka kudzatenga pa ndalama zanu.

Masiku apa ndi ochepa. Chikwama chowonongeka, dandaulo lolemba lifike kwa kampani pasanathe masiku 7 chilandirireni. Chikwama chochedwa, masiku 21 kuchokera tsiku limene mwachilandira. Chikapanda kufika pa masiku 21, mukhoza kuchitenga ngati chatayika. Malire a malipiro ndi ma SDR 1,519 pa munthu mmodzi, pafupifupi madola 2,000, kaya zikwama zinali zingati. Amalonda obweretsa mafoni ndi zovala zodula adziwe zimenezi: katundu woposa mtengo umenewu mumulembetse mtengo wake popereka chikwama n'kulipirako pang'ono, kapena mugule inshuwalansi. Mafoni, ndalama, mankhwala ndi mapepala ofunika zikhale m'chikwama cha m'manja.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani dandaulo

Lembani kwa kampani imene inayendetsa ndekeyo, osati kwa ajenti, kudzera pa fomu ya pa webusaiti yawo kapena pa imelo. Kalata ikhale yaifupi: dzina monga lilili pa pasipoti, nambala ya booking, nambala ya ndeke, tsiku, maola amene munachedwa, lamulo limene mukudalira, ndi ndalama imene mukufuna. Tumizani zithunzi za malisiti, enieniwo sungani. Zolonjezana pa foni sizikhala umboni.

Yankho loyamba nthawi zambiri limakhala lokana kapena lopereka voucher. Ayankheni modekha kuti mukufuna ndalama, ndipo ngati akunena za nyengo, afunseni umboni wake.

Akakhala chete kwa milungu ingapo, pitani patsogolo. Kuno kwathu kuli Zambia Civil Aviation Authority yoyang'anira za ndeke, ndi Competition and Consumer Protection Commission imene imamva madandaulo a ogula pansi pa lamulo la 2010. Pa milandu ya ku Ulaya, dziko lililonse la EU lili ndi bungwe lomvera madandaulowa, ndipo mumalembera la dziko limene ndeke inanyamukira. Aliponso makampani a pa intaneti okutsatirani mlandu, koma amadula gawo la ndalamazo, nthawi zambiri kotala kapena kuposerapo. Ine ndingati yambani mwayesa nokha, iwowa abwere pamene kampani yauma mutu.

Pa milandu ya Montreal Convention muli ndi zaka ziwiri zokha zoti mukasumire kukhoti, kuwerengera tsiku limene ndeke inafika kapena imene inayenera kufika. Kulemberana makalata ndi kampani sikuimitsa zaka zimenezi. Akavomera kulipira, adzafuna nambala ya akaunti ya kubanki ndi SWIFT code yake (nambala yozindikiritsa banki yanu potumiza ndalama kuchokera kunja), ndipo dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa tikiti.