Mmene Mungapelekele Dzina la Munthu Kuti Alandile Ulemu wa Boma la Britain

Munthu aliyense angapeleke dzina la mnzake kuti alandile mendulo ya ulemu ku Britain, ndipo palibe ndalama yolipila. Kale maina anali kucokela m'maofesi a boma, ndipo akulu-akulu ena anali kupatsidwa ulemu cabe cifukwa cakuti afika pa udindo wakuti-wakuti. Mu 1993 nduna yaikulu John Major inathetsa mwambo umenewu ndi kupatsa anthu wamba mpata wopeleka maina. Kucokela mu 2005, makomiti osanthula maina amatsogoleledwa ndi anthu amene si anchito a boma.

Dzina lanu simungalipeleke nokha. Munthu amene mwasankha akhale wamoyo, ndipo akhale akali pa nchito imene mukumuyamikila nayo. Ngati wapuma posacedwapa, musazengeleze. Womwalila angapatsidwe mendulo ya kulimba mtima yokha.

Fomu ili pa webusaiti ya GOV.UK, ndipo imalembedwa m'Cizungu. Mudzalembapo dzina la munthuyo, zaka zake ndi adilesi yake. Muikepo makalata osacepela aŵili ocokela kwa anthu amene amamudziŵa bwino ndipo anaona nchito yake ndi maso awo. Ngati munthuyo amakhala kunja kwa Britain, kapena nchito yake anaigwilila kunja, fomu imapita ku unduna woona za maiko akunja, wa Foreign, Commonwealth and Development Office.

Mbali yofuna mtima wanu wonse ndi yofotokoza zimene munthuyo anacita. Mau akuti "ndi mayi wodzipeleka, wokonda anthu" sauza komiti ciliconse, pakuti fomu iliyonse imene ili pa tebulo pawo imakamba zomwezo. Fotokozani mmene zinthu zinalili iye asanayambe, cimene anacita, ndi cimene cinasintha. Anathandiza anthu angati? Kwa zaka zingati? Anali kulipidwa kapena anali kungodzipeleka? Ngati anali pa malipilo, onetsani zimene anacita kupitilila nchito imene anamulembela, cifukwa kukhala pa mpando zaka 30 pakokha si cifukwa colandilila mendulo. Nkhani za m'nyuzipepala ndi zithunzi zimathandiza ngati mulinazo.

Musachule mtundu wa mendulo. Kaya ndi BEM, MBE, OBE kapena CBE (maina acidule a mamendulo a gulu la ulemu la Order of the British Empire), komiti ndiyo imasankha. BEM imapita maka-maka kwa anthu otumikila m'dela limene akukhala. Inaleka kupelekedwa ku Britain mu 1993, ndiyeno inabwezeledwa mu 2012.

Mwiniwake musamuuze kanthu. Maina amakhala ambili kuposa mamendulo, ndipo kumulonjeza cinthu cimene sicili m'manja mwanu ndi kumulakwila.

Mukatumiza fomu mudzalandila yankho lakuti yafika, kenako mudzayembekeza. Kaŵili-kaŵili papita caka cimodzi kapena kuposelapo. Pa nthawi imeneyi boma limafufuza mbili ya munthuyo, kuphatikizapo nkhani za misonkho ku bungwe la HMRC. Maina amene komiti yavomeleza amapita kwa nduna yaikulu, kenako kwa Mfumu. Amalengezedwa kaŵili pa caka mu London Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma: pa Caka Catsopano, ndiponso mu June pa cikondwelelo ca kubadwa kwa Mfumu.

Dzina lisanalengezedwe, munthuyo amafunsidwa mwacinsinsi ngati avomela. Ena amakana, ndipo pali amene amakana cifukwa ca liu lakuti Empire (ufumu wolamulila maiko ena), limene lili m'dzina la Order of the British Empire kucokela pamene Mfumu George V inaikhazikitsa mu 1917. Mu 2004 komiti ya nyumba ya malamulo inapempha kuti liulo lisinthidwe likhale Excellence, koma boma silinavomele. Kwa anthu a m'maiko amene analamulidwapo ndi atsamunda, kumeneku ndiko kusintha kumene kunatsalila.

Nzika ya Zambia imene ilibe unzika wa dziko limene mtsogoleli wake ndi Mfumu ya Britain imalandila ulemu wa alendo. Ingalembe zilembo monga MBE pambuyo pa dzina lake, koma ngakhale itapatsidwa ulemu wapamwamba wa KBE kapena DBE, siingachedwe Sir kapena Dame monga mmene nzika za Britain zimachedwela.

Ulemuwu ungalandidwenso. Komiti ya Forfeiture imaunikanso nkhani ya aliyense amene khoti yamulamula kukhala m'ndende kupitilila miyezi itatu, kapena amene bungwe loyang'anila nchito yake lamufafaniza m'kaundula.