Mmene Mungawerengere Kafukufuku wa Propolis ndi Matenda a Shuga pa Makoswe

Propolis ndi utomoni umene njuchi zimatola pa mphukira ndi makungwa a mitengo, n'kuusakaniza ndi phula kuti zimatire ming'alu ya mng'oma. Akatswiri angapo apeza kuti makoswe ndi mbewa zodwala shuga zikamapatsidwa utomoniwu, shuga wa m'magazi mwawo amatsika. Musanavomereze zimene malipoti ena amanena, zoti thupi la nyamazo layambanso kumvera insulini, timadzi ta m'thupi timene timathandiza shuga kulowa m'maselo, yambani mwafufuza mmene nyamazo zinadwalitsidwira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Khoswe wa m'labotale nthawi zambiri sadwala shuga yekha. Ofufuza ambiri amamubaya mankhwala otchedwa streptozotocin kapena alloxan, amene amapha maselo a beta m'chiwalo cha pancreas, maselo amene amapanga insulini. Khoswe wotere amamwa madzi kwambiri, amakodza pafupipafupi mpaka utuchi wa m'khola kunyowa, ndipo amaonda ngakhale akudya. Vuto lake ndi kusowa kwa insulini, monga zimakhalira pa matenda a shuga a mtundu woyamba. Choncho shuga wake akatsika atapatsidwa propolis, mwina maselo otsalawo ndi amene atetezedwa, koma zimenezo sizikutiuza zambiri za thupi lokana kumvera insulini. Funso limenelo limayankhidwa bwino ndi nyama zimene zanenepetsedwa ndi chakudya cha mafuta ambiri kapena shuga wa fructose, kapenanso mbewa za mtundu wa ob/ob, zimene zimabadwa zopanda mphamvu yopanga leptin, timadzi touza thupi kuti lakhuta, motero zimadya mosakhuta n'kunenepa kwambiri. Ine ndimaona kuti lipoti lokamba za kusamvera insulini, pamene makoswe ake anangobayidwa streptozotocin wambiri, likunena zoposa zimene linayeza.

Mukatero onani zimene zinayezedwa. Shuga wa m'magazi payekha sakwanira. Fufuzani ngati anayezanso insulini nyama zisanadye ndi kuwerengera HOMA-IR, njira yoyerekezera kusamvera insulini imene inafalitsidwa mu 1985, yochulukitsa shuga ndi insulini kenako n'kugawa ndi 22.5. Njirayi inapangidwira anthu, ndiye pa makoswe ndi yongothandiza kuyerekeza gulu lina ndi linzake. Umboni wolimba kuposa pamenepo umapezeka ngati anabaya nyamazo insulini n'kumayeza mmene shuga akutsikira mphindi zikamapita. Malipoti ena amapita patali mpaka kuonetsa kuti puloteni ya GLUT4, imene imalowetsa shuga m'maselo a minofu, inafika yambiri pakhungu la selo. Onaninso kulemera kwa nyama ndi chakudya chimene zinadya, pakuti khoswe amene wachepetsa kudya shuga wake akhoza kutsika popanda chodabwitsa chilichonse. Pakhalenso gulu lodwala losapatsidwa kanthu, ndi lina lopatsidwa mankhwala odziwika a shuga monga metformin.

Propolis yense si mmodzi, ndipo apa ambiri amasokera. Wa ku Ulaya amachokera makamaka ku mitengo ya poplar ndipo ali ndi zinthu zotchedwa CAPE, chrysin ndi pinocembrin, pamene wobiriwira wa ku Brazil amachokera ku chitsamba cha Baccharis dracunculifolia ndipo amadziwika ndi artepillin C. Ngakhale kasungunulidwe kamasintha zinthu, popeza mowa wa ethanol umatulutsa zimene madzi amazisiya. Zotsatira za mtundu umodzi musazisamutsire ku mtundu wina.

Mulingo nawonso umafuna masamu pang'ono. Khoswe amagaya mankhwala msanga kuposa munthu, n'chifukwa chake malangizo a mu 2005 a FDA, bungwe la ku America loona za zakudya ndi mankhwala, amati mulingo wa khoswe pa kilogalamu ugawidwe ndi 6.2, ndipo wa mbewa ndi 12.3. Tiyerekeze kuti khoswe ankapatsidwa mamiligalamu 200 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake: kwa munthu amenewo ndi pafupifupi mamiligalamu 32 pa kilogalamu, kutanthauza magalamu osakwana pang'ono 2 patsiku kwa munthu wolemera makilogalamu 60. Masamuwa anapangidwira ofufuza amene akukonza zoyesa mankhwala pa anthu, osati wodwala amene akufuna kudziyezera yekha kunyumba. Propolis amayambitsa ziwengo pa anthu ena, makamaka alimi a njuchi amene amamugwira kawirikawiri, ndipo munthu amene akumwa kale mankhwala otsitsa shuga kapena kubaya insulini ayenera kufunsa dokotala wake asanawonjezerepo chinthu china chimene chingatsitse shuga mopitirira muyezo.