Besi yatsopano yafika yokalika kapena yobenthuka? Chitani izi musanaganize zobweza

Mwasunga ndalama kwa nthawi yaitali, mwaitanitsa gitala ya besi ku Joni kapena ku UK, yafika, mukutsegula katoni mtima uli dyokodyoko, kungoona penti yabenthuka pakona kapena pali chikande chachitali kumbuyo. Zimawawa, palibe kunama. Koma musayambe ndi mauthenga aukali pa WhatsApp, ndipo musapakepo chilichonse kaye.

Choyamba jambulani, ndipo katoni musataye. Ambiri timalakwitsa pomwepa, katoni timapatsa ana kuti akaseweretse kenako wogulitsa akufunsa zithunzi zake. Jambulani katoni mbali zonse, kapepala kolembedwa adiresi ndi nambala ya katundu, zokulungira za mkati, siriyo nambala yomwe nthawi zambiri imakhala kumbuyo kwa mutu wa gitala, kenako bala lenilenilo, chapafupi ndi chapatali, panja powala osati ndi fulashi. Ikani ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kuoneke. Katoniyo ndi mboni yanu. Ngati yaphwanyika pamalo olingana ndi balalo ndiye kuti zachitika panjira, mlandu ndi wa onyamula. Ngati katoni ili bwinobwino koma gitala ndi yokalika, nthawi zambiri ndiye kuti inachoka choncho kushopu kapena kufakitale. Mukamakatenga kuofesi ya onyamula katundu kapena ku basi, tsegulani pomwepo iwo akuona, ndipo lembani pa risiti kuti yafika yoonongeka musanasaine.

Musanalire, onani ngati zikandezo zili pa gitala penipeni. Besi zambiri zatsopano zimabwera ndi kapulasitiki kopyapyala komata pa pickguard (chotetezera thupi la gitala ku zikande) ndi pamwamba pa ma pickup (tizipangizo totola mawu pansi pa nsambo), ndipo kamakalika msanga n'kumaoneka ngati gitala ndi ya kaunjika. Nyamulani kakona ndi chikhadabo muone pansi pake, koma musamatule konse ngati mukuganiza zobweza.

Tsopano gawo lofunika kuposa onse, kudziwa ngati vuto lili pa penti pokha kapena lafika m'thabwa. Apa khalani pansi, musafulumire.

Yambani ndi mutu ndi khosi, chifukwa katoni ikagwa ndi komwe kumavulala. Onani kumbuyo pomwe khosi limakumana ndi mutu. Mukaona mzere, kankhani mutuwo pang'onopang'ono ndi dzanja, ngati mzerewo ukuyasama ndiye kuti thabwa lang'aluka, imeneyo si nkhani ya maonekedwenso ayi, ibwerere basi. Kenako onani polumikizira khosi ndi thupi. Pa besi zomwe khosi lake ndi lomanga ndi masikuluwu, monga Fender, Squier ndi ma Ibanez ambiri, timizere tating'ono ngati tsitsi m'makona a pamenepo n'tofala kwambiri ndipo nthawi zambiri ndi penti chabe, poti penti yolimba imang'aluka thabwa likangosuntha pang'ono. Gwedezani khosi uku ndi uku, ngati silikusewera mulibe nkhawa yaikulu. Koma pa besi ya khosi lomata ndi guluu kapena lodutsa m'thupi lonse, mng'alu pamalo amenewo musauchepetse.

Ichuneni E, A, D, G, muisiye usiku wonse, m'mawa muone ngati yatsika kwambiri. Nsambo zatsopano zimatsika pang'ono, zimenezo zisakuopseni. Dinani nsambo ya E pa fureti (kachitsulo kopingasa pa khosi) yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi muone kampata kotsala chapakati pa khosi, kazikhala kochepa koti kakhadi kopyapyala kalowe. Imbani fureti iliyonse pa nsambo zonse mukumvetsera kulira kwa zitsulo, lumikizani ku ampu, potozani manobu onse, gwedezani jaki (polowetsa chingwe cha ampu) mumve ngati sikudula mawu. Zonsezi zikakhala bwino ndiye kuti besi yanu ndi yamoyo, yangovulala khungu.

Lemberani wogulitsa tsiku lomwelo, polemba osati pongoimba foni, kuti pakhale umboni. Mawu ake asachuluke: nambala ya oda, tsiku lomwe yafika, pomwe pali bala, zithunzi, ndi chomwe mukufuna. Koma bwererani kaye pa tsamba lomwe munagulira muwerengenso, chifukwa ngati panalembedwa B-stock ndiye kuti anakuuzani kale kuti ikhoza kukhala ndi tizikande, ndiye chifukwa chake mtengo unali wotsika.

Masiku amawerengedwa, akuluakulu. Ku UK, wogula pa intaneti ali ndi masiku 14 osinthira maganizo, ndipo lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limapereka masiku 30 okanira katundu wa vuto n'kulandira ndalama zonse. Ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008 imalola kubweza katundu wa vuto mkati mwa miyezi 6. Shopu ya Thomann ya ku Germany, eni ake a magitala a Harley Benton, imapereka masiku 30 obwezera. Ngati munalipira pa PayPal, nakonso masiku otsegulira dandaulo ndi owerengeka. Chomwe chimatipweteka ife ndi ichi: gitala imafikira kwa mlamu ku Johannesburg kapena kwa achemwali ku Manchester, imakhala pamwamba pa wadiropu mwezi wathunthu kudikira munthu wobwera kumudzi, ikamadzadutsa pa Mwanza kapena pa bwalo la ndege la KIA masiku 14 kapena 30 aja anatha kalekale, chifukwa wogulitsa amawerenga kuyambira tsiku lomwe m'bale wanuyo anasainira. Ndiye muwauze atsegule tsiku lomwelo pa vidiyo kolo inu mukuona. Komanso ikakalika m'basi pakati pa Joni ndi Blantyre, wa shopu zimenezo sizimukhudza, mukambirana ndi wonyamulayo. Ngati munagula mu shopu ya konkuno, pitani nayo ndi risiti, akakana kukumverani dandaulo limapita ku CFTC, bungwe loteteza ogula ku Malawi.

Nanga mubweze, musinthitse, kapena akuchotsereni mtengo? Maganizo anga, ngati muli ku Malawi ndipo vuto ndi la penti lokha, pemphani akubwezereni gawo la ndalama, gitala mukhale nayo. Besi ndi yaitali kupitirira mita imodzi, ndipo makampani onyamula amalipiritsa potengera kukula kwa katoni osati kulemera kokha, ndiye kuitumizanso kunja kukhoza kudya ndalama yosasiyana kwenikweni ndi mtengo wa besi yotchipayo, osawerengera msonkho womwe munalipira kale ku MRA. Ndipo palibe akukulonjezani kuti yachiwiriyo idzafika yosalala kapena idzamveka bwino m'manja ngati iyi. Tchulani nokha ndalama yomwe mukufuna, osangoti "mundiganizire", ndipo funsani kuti warante ikhalebe. Ali ku UK kapena ku Joni nkhani ndi ina, kubweza n'kophweka, bwezani ngati mtima sukulola. Bala la kumbuyo kwa thupi lomwe mimba imabisa si lofanana ndi la kumbuyo kwa khosi lomwe chala chachikulu chizikumana nalo nyimbo iliyonse, limenelo musalolere msanga.

Mukagwirizana ndi wogulitsa, ndalama zalowa, apa ndiye mungakonze. Osati zisanathe, chifukwa mukangopakapo kanthu adzati mwaononga nokha. Besi zambiri za mtengo wotsika ndi wapakati zili ndi penti ya poly, yolimba ngati galasi. Chikande chomwe chikhadabo sichikodwapo chimachoka ndi polishi wa galimoto wochotsa zikande, wopanda silikoni, ndi kansalu kofewa. Pobenthuka mpaka thabwa kuoneka ndi bwino kutsekapo, kuti chinyezi cha dzinja chisalowe komanso m'mbali musapitirire kunyotsoka. Detsani thabwalo ndi maka kapena kyuteksi wa mtundu wofanana, ziume, dontezani supa guluu ndi kamtengo ka machesi, pang'ono, iume, muonjezerenso mpaka itukuke pang'ono kuposa penti. Mawa lake palani ndi lezala lomwe mwakulunga tepi mbali zonse ziwiri kusiya pakati pokha, salazani ndi sandipepa wonyowa wa 1000 kenako 2000, mumalize ndi polishi. Sipadzasowa kotheratu, koma ali pa benchi yakutsogolo mu tchalitchi sadzaona.

Ngati besi yanu ndi ya penti ya nitro, yomwe imapezeka pa zodula zina, chochotsera kyuteksi chisayandikire n'komwe chifukwa chimasungunula penti imeneyo, pitani nayo kwa wodziwa kukonza magitala. Ya penti yosawala ija ya mati nayonso musaipake polishi, pamalopo pamasanduka ponyezimira n'kumaonekera kuposa chikande chomwe mumafuna kubisa.